Gombe la Mafupa: Mbiri ya Mphepo, Mbedza ndi Matenti ku Namibia

Kuchokera pomwe mtsinje wa Orange umathira m'nyanja ya Atlantic kukafika pa mtsinje wa Kunene, m'malire a Namibia ndi Angola, pali gombe la makilomita oposa 1,500 pomwe chipululu cha Namib chimatsikira mpaka m'madzi. Malo ambiri palibe mtengo, palibe chitsime, palibe mudzi. Komabe chaka chilichonse ikafika Disembala, magalimoto amandandalika pagombeli atasenza matenti, migolo ya madzi ndi ndodo zazitali zowedzera, ndipo kum'mwera kwake, ku Lüderitz, kumasonkhana anthu ochokera kutali amene amakokedwa ndi kaiti pamwamba pa madzi mwaliwiro loposa la galimoto yoyenda pamsewu wa phula. Kuti munthu amvetse chimene chimawakokera kumalo owuma chonchi, ayambire pa mphepo, chifukwa zonse za kuno, zabwino ndi zoipa zomwe, gwero lake ndi mphepo.

Pafupifupi chaka chonse kumaomba mphepo yochokera kum'mwera, yotsata gombe. Asodzi a ku Nkhotakota kapena ku Chintheche amadziwa mmene mwera umavundulira nyanja mu Juni ndi Julayi. Tangoganizani mwera wotere wosapuma, woomba panyanja yopanda tsidya. Mphepoyi imakankhira madzi a pamwamba kutali ndi mtunda, ndipo m'malo mwake mumakwera madzi ozizira a pansi penipeni, odzaza ndi chonde cha zonse zimene zinafera m'nyanja n'kumira. Madzi oyenda amenewa amatchedwa Benguela, ndipo palibe pomwe amakwera mwamphamvu kuposa pafupi ndi Lüderitz. Chondecho chikafika pomwe pali dzuwa, tizomera tosaoneka ndi maso timaswana mochuluka, tinsomba timadya tizomerato, nsomba zikuluzikulu zimadya tinsombato, kenako mbalame, anangumi ndi nyama zina za m'madzi zimabwera kudzadya nawo. Koma madzi ozizira omwewo ndi amene amamana dziko mvula. Mpweya wodutsa pamwamba pake sukwera kukapanga mitambo, umangosanduka chifunga chokwawa pansi. Ku Swakopmund mvula ya chaka chonse kawirikawiri sikwana ngakhale mamilimita 20. Nyanja ya mwanaalirenji yagundana ndi mtunda wa njala, ndipo zonse ziwiri zabadwa kwa mayi mmodzi.

Mabuku okopa alendo amakonda kunena kuti gombeli linali lopanda anthu. Si zoona. Pamalo ambiri pali milu ya zigoba za nkhono zimene anthu ankadya zaka mazanamazana zapitazo, komanso miyala yozungulira pomwe panali zisakasa zawo. Kumathiriro a mtsinje wa Kuiseb, pafupi ndi Walvis Bay, kunkakhala ndipo kukukhalabe anthu a mtundu wa Topnaar, nthambi ya Anama. Iwo ankabaya nsomba m'madzi osaya, ankadya nyama ya anangumi okankhidwira kumtunda, ankaweta ziweto m'khwawa la mtsinje, ndipo ankakolola !nara, chipatso chaminga cha banja la mavwende chomwe mizu yake imatsika pansi kwambiri kufuna madzi. Anthu amenewa ankadziwa pokumba kuti apeze madzi m'mitsinje youma. Amene ankafa ndi ludzu pagombeli anali alendo.

Alendo oyamba ochokera ku Ulaya anali Apwitikizi. Mu 1486 Diogo Cão anaimika mtanda wamwala pamalo omwe lero amatchedwa Cape Cross, ndipo mu 1488 Bartolomeu Dias anaimika wina pafupi ndi doko lomwe pambuyo pake linkadziwika kuti Angra Pequena. Sanakhalitse. Anaona mchenga, mafunde ndi chifunga, n'kupitirira ulendo wawo wofuna njira ya ku India. Kwa zaka zoposa 300 Azungu ankangodutsa, kupatula osaka anangumi amene ankakocheza ku Walvis Bay.

Chimene chinawabweretsa mwaunyinji chinali zitosi za mbalame. Pakachilumba ka Ichaboe, kumpoto kwa Lüderitz, mbalame zodya nsomba zinali zitaunjika zitosi kwa zaka zosawerengeka, ndipo poti kulibe mvula yozikokolola, muluwo unafika mamita angapo kuya kwake. Alimi a ku Britain atazindikira kuti ndi manyowa amphamvu, pakati pa 1843 ndi 1845 zombo zinakhamukira kumeneko, moti nthawi ina panaima zombo zoposa 400 pakamodzi. M'zaka ziwiri zokha chilumbacho chinapalidwa mpaka pamwala. Kachitidwe kameneka, kopeza chuma n'kuchikokolola chonse mwaphuma, tidzakumana nakonso kangapo m'mbiri ya gombeli.

Mu 1883 munthu wamalonda wa ku Bremen, Adolf Lüderitz, anatuma nthumwi yake Heinrich Vogelsang kwa Josef Frederiks, mfumu ya Anama a ku Bethanie. Pa 1 Meyi anagula doko la Angra Pequena ndi malo olizungulira pamtengo wa mapaundi 100 ndi mfuti 200. Mu Ogasiti anasainirana pangano lachiwiri: chigawo cha gombe kuyambira ku mtsinje wa Orange kupita kumpoto, kulowa kumtunda mailosi 20, pamtengo wa mapaundi 500 ndi mfuti 60. Mfumuyo inkadziwa mailosi a Chingelezi, a makilomita 1.6. Koma papepala panalembedwa mailosi ena a Chijeremani, otalika makilomita 7.4 imodzi. Mwa chinyengo chimenechi mbali yaikulu ya dziko la anthu a ku Bethanie inapita. Mu Ogasiti 1884 mbendera ya Germany inakwezedwa padokolo. Lüderitz mwiniwakeyo sanadyerere. Mu 1886 anasowa pamadzi pafupi ndi mathiriro a Orange ndipo mtembo wake sunapezeke. Dzina lake lokha ndi limene linatsala pa tauniyo.

Apa mpofunika kuima pang'ono, chifukwa mutu wotsatirawu ndi umene alendo ambiri amaudumpha. Mu 1904 Aherero anaukira ulamuliro wa Ajeremani, ndipo Anama anatsatira. Pa 2 Okutobala chaka chomwecho mkulu wa asilikali Lothar von Trotha analamula kuti Mherero aliyense wopezeka m'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani aphedwe. Amene anapulumuka ku zipolopolo ndi ludzu anasonkhanitsidwa m'misasa ya ukaidi, ndipo woipitsitsa unali pa Shark Island, kachilumba kamiyala koyang'anizana ndi doko la Lüderitz. Kuyambira 1905 mpaka Epulo 1907 amuna, akazi ndi ana ankasungidwa pamenepo. Anali anthu a kumtunda kotentha, ozolowera mkaka ndi nyama; apa anawaika pamwala wopanda pobisala, atafunda masaka ndi nsanza, akupatsidwa mpunga wosaphika popanda nkhuni zokwanira. Masana ankagwira ntchito yakalavulagaga padoko ndi panjanji yopita ku Aus. Usiku mphepo ya kum'mwera ija inkawalowa m'mafupa. Akatswiri a mbiri amati amene anafera pamenepo ndi oposa 1,000, ndipo ena amafikitsa chiwerengerocho pa 3,000. Mmodzi wa iwo anali Cornelius Fredericks, mtsogoleri wa Anama a ku Bethanie, amene anamwalira mu Febuluwale 1907. Mitu ya ena mwa akufawo inatumizidwa ku Germany kuti akaipime anthu ofuna kutsimikizira bodza loti mitundu ina ndi yotsika.

Patangotha chaka msasawo utatsekedwa, mu Epulo 1908, wantchito wa panjanji dzina lake Zacharias Lewala anatola kamwala konyezimira pafupi ndi Kolmanskop n'kukapereka kwa kapitawo wake, August Stauch. Anali dayamondi. Mphepo inali itauluza mchenga wopepuka kwa zaka zikwizikwi n'kusiya miyala yolemera pamtunda, moti m'zigwa zina anthu ankaitola chokwawa. Mu Seputembala boma la Ajeremani linatseka dera lonse n'kulitcha Sperrgebiet, dera loletsedwa. Ku Kolmanskop kunamangidwa nyumba zapamwamba, chipatala, ngakhale fakitale ya madzi oundana pakati pa chipululu. Miyalayo itachepa anthu anasamukira kum'mwera, ndipo pofika m'ma 1950 tauniyo inali bwinja. Lero mchenga wadzaza m'zipinda mpaka m'mawindo. Lamulo loletsa lija linali ndi chotsatira chimene palibe anachiganizira: dera lalikulu linakhala zaka 100 osapondedwa ndi anthu wamba, ndipo tsopano ndi malo otetezedwa otchedwa Tsau ǁKhaeb.

Dzina loti Skeleton Coast, Gombe la Mafupa, linatchuka chifukwa cha zombo. Chifunga, mafunde ndi mchenga wosuntha zinaswa zombo zambiri. Eduard Bohlen inatitimira mumchenga mu 1909 pafupi ndi Conception Bay, ndipo lero chigoba chake chili mamita mazana angapo kumtunda chifukwa gombe linasuntha. Nkhani yodziwika kwambiri ndi ya Dunedin Star, yomwe inagunda pansi pa 29 Novembala 1942 kum'mwera kwa mathiriro a Kunene ili ndi anthu 106. Ena anatengedwa ndi zombo zina, koma 63 anatsikira kumtunda wopanda madzi. Chombo chokoka zinzake chotchedwa Sir Charles Elliott chomwe chinapita kukathandiza chinasweka pobwerera ndipo amalinyero ake awiri anafa. Ndege yankhondo yomwe inatera kuti iwatenge inatitimira mumchenga. Magalimoto ochokera ku Windhoek anavutika masiku ambiri m'chipululu asanawapeze. Onse a mu Dunedin Star anapulumuka, ndipo mu 1944 mtolankhani John Henry Marsh analemba buku la nkhaniyi lotchedwa Skeleton Coast. Dzinalo linakakamira.

Nanga zinatheka bwanji kuti malo oopedwa chonchi asanduke kopumulira? Chiyambi chake ndi kasupe. Mu 1929 Major Hendrik van der Merwe, amene anzake ankamutchula kuti Henty, anapeza madzi abwino m'khwawa lakale la mtsinje wa Omaruru, makilomita pafupifupi 70 kumpoto kwa Swakopmund. Anaponya mbedza n'kuona kuti nsomba zilipo zochuluka. Anayamba kubwerako nyengo ya Khirisimasi iliyonse, anamanga kachisakasa kamatabwa, anzake anamutsatira, ndipo malowo anatchedwa Henties Bay. Kwa alimi achizungu a kumtunda, komwe Disembala amatentha koopsa, gombe lozizira la chifunga linali mpumulo weniweni. Dziko panthawiyo linali m'manja mwa South Africa, yomwe inalilanda kwa Ajeremani mu 1915, ndipo tchuthi cha kunyanja chinali cha Azungu. Anthu akuda amene ankafika kugombe ambiri ankabwera pa kontilakiti, makamaka ochokera ku Ovamboland, kudzagwira ntchito m'mafakitale a nsomba ku Walvis Bay, akugona m'makomboni otsekedwa, mabanja atawasiya kumudzi. Sitalaka yaikulu ya Disembala 1971 yokana kontilakitiyo inayambira ku Walvis Bay ndi ku Windhoek.

Msewu wopita kumpoto unapangidwa ndi dothi losakaniza mchere, lothiridwa madzi amchere n'kutsenderedwa. Kukauma umaoneka ngati phula, koma chifunga chikagwa umaterera. M'mbali mwake munakhazikitsidwa malo omangapo matenti, ambiri opanda dzina koma mtunda wake kuchokera ku Swakopmund: Mile 14, Mile 72, Mile 108, kuphatikizapo Jakkalsputz. Kumpoto kwenikweni, kudutsa chipata cha pa mtsinje wa Ugab chomwe chajambulidwa zigaza ndi mafupa opingasa, kuli Skeleton Coast Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1971. M'kati mwake muli Torra Bay, msasa umene umatsegulidwa mu Disembala ndi Januwale mokha. Miyezi iwiriyo pamamera mudzi wa matenti, majenereta ndi mafiriji; ikatha pamatsala mchenga ndi nkhandwe.

Msodzi wa kuno mumamudziwira pa galimoto yake. Kutsogolo kwake amamangirira mipope yachitsulo momwe amaimikamo ndodo zotalika mamita anayi kapena kuposa, moti galimoto imayenda ndodo zili njo m'mwamba. Akafuna kulowa pamchenga amayamba waphwetsa matayala pang'ono kuti asatitimire. Sangoponya paliponse. Amayenda pang'onopang'ono akuwerenga madzi, kufuna pomwe mafunde sakusweka, chifukwa pamenepo pali dzenje pomwe nsomba zimadyera, ndipo madzi akakhala obiriwira modera amadziwa kuti zinthu zili bwino. Nyambo yake ndi chidutswa cha sadini kapena nkhono yoyera yokumba mumchenga, ndipo amaikulunga ndi ulusi wotamuka kuti isathothoke poponya. Kenako amalowa m'madzi ozizira mpaka m'ntchafu, n'kuponya chitsulo cholemera kuseri kwa mafunde. Nsomba zimene amafuna ndi zinayi: kabeljou, steenbras, galjoen ndi blacktail. Ena amafuna shaki wofiirira wotchedwa bronze whaler, amene amatha kulimbana ndi munthu kwa ola lathunthu; ameneyu ambiri amamuyeza n'kumubwezera m'madzi ali wamoyo.

Kutali ndi gombe, zombo zikuluzikulu zinkachita zomwe zinachitika pa Ichaboe. Mu 1968 sadini wogwidwa m'madzi amenewa anafika pa matani pafupifupi 1.4 miliyoni, ndipo patangopita zaka zochepa anatha mphamvu osabwereranso mwakale. Zombo za maiko akutali zinkakokolola nsomba popanda woziletsa. Namibia italandira ufulu pa 21 Malichi 1990, chimodzi mwa zinthu zoyamba chinali kulengeza kuti nyanja yonse mpaka mailosi a panyanja 200 ndi yake, n'kuthamangitsa zombo zakuba. Komabe sadini sanachire, ndipo mu 2018 boma linaimitsa kumugwira. Nsomba imene yatsala yochuluka ndi karapau, yomweyo imene imagulitsidwa youndana m'misika ya ku Zambia ndi Mozambique.

Asodzi a mbedza nawo sanali osalakwa. Kwa zaka zambiri alendo ankabwera ndi mafiriji akuluakulu n'kubwerera kwawo atadzaza kabeljou, ndipo nsomba zikuluzikulu zoswana zinayamba kusowa. Malamulo otsatira lamulo la za chuma cha m'nyanja la mu 2000 anaika malire. Woweza mwachisangalalo agule chilolezo. Pa tsiku asatenge nsomba zoposa 10 za mitundu inayi ija pamodzi. Kabeljou wosakwana masentimita 40 abwezedwe m'madzi, ndipo oposa masentimita 70 asatengedwe opitirira awiri, chifukwa aakuluwo ndiwo amaikira mazira ochuluka. Nyongolotsi za m'miyala zinaletsedwa kukhala nyambo, poti ozikumba ankaphwanya malo okhala zamoyo zina. Lamuloli ndi lanzeru, koma linalembedwa poganizira munthu wa patchuthi. Ku Henties Bay kuli anthu amene mbedza ndiyo khasu lawo, amene amayenda pansi mtunda wautali m'bandakucha kuti apeze chogulitsa. Iwo anadzipangira bungwe la Hanganeni kuti amveke, ndipo nkoyenera kuti amveke, chifukwa nsomba 10 za mlendo ndi zosangalatsa pomwe nsomba 10 za mwini mudzi ndi sukulu fizi ya mwana.

Matayala nawo anasiya chilonda. Kumtunda kwa gombe kuli zidikha za timiyala zokutidwa ndi ndere zamitundumitundu zomwe zimamwa chifunga. Masana zimaoneka ngati zakufa, koma mukazidontheza madzi zimatambasuka n'kusintha mtundu mukuona. Zimakula pang'onopang'ono kwambiri, moti galimoto imodzi ikadutsapo mkwasa wake umaoneka kwa zaka makumi. Pazidikha zomwezo kambalame kotchedwa Damara tern kamaikira dzira lake limodzi pansi poyera. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zomwe mu Disembala 2010 dera la pakati pa mitsinje ya Kuiseb ndi Ugab linasandutsidwa Dorob National Park, n'kuikidwa malire a komwe magalimoto angadutse.

Omaliza kufika ndi a kaiti. Mu 1984 abale awiri a ku France, Bruno ndi Dominique Legaignoux, analembetsa luso la kaiti yokhala ndi nthiti zopopedwa mpweya, yomwe ikagwera m'madzi imayandama n'kutha kuulukanso. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 masewerawa anali atafala. Munthu amaima pa kathabwa, amamangirira lamba m'chiuno, ndipo zingwe zotalika mamita oposa 20 zimamulumikiza ku kaiti yomwe amaiwongolera ndi kandodo kogwira manja awiri. Ofuna liwiro ankasakasaka malo a mphepo yamphamvu koma madzi osalala, zinthu ziwiri zosakonda kukhalira pamodzi. Anazipeza ku Lüderitz. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala chipululu chikatentha masana, mpweya wotentha umakwera ndipo wozizira wa panyanja umathamangira m'malo mwake, n'kupanikizika pakati pa zitunda zamiyala usanagwere pa dziwe losaya lotchedwa Second Lagoon.

Mpikisano wa Lüderitz Speed Challenge unayamba mu 2007. Liwiro limayezedwa pa mtunda wa mamita 500. Pa 3 Okutobala 2008 Sébastien Cattelan anakhala munthu woyamba kudutsa ma knot 50 mokokedwa ndi mphepo yokha, ndipo tsiku lotsatira Alexandre Caizergues anafika pa 50.57, omwe ndi makilomita oposa 93 pa ola. Chombo cha ku France chotchedwa Hydroptère chinawalanda ulemuwo mu 2009. Pamenepo okonza mpikisano anadalira ngalande yokumba m'mphepete mwa dziwelo, yopapatiza mamita ochepa chabe, yolunjikitsidwa bwino ndi mphepo kuti madzi asachite mafunde. M'ngalandemo, pa 28 Okutobala 2010, Rob Douglas wa ku America anafika pa 55.65, kupitirira makilomita 100 pa ola, ataima pa kathabwa, mchenga ukumuwaza kumaso, dothi louma lili pafupi mbali zonse ziwiri. Kulakwitsa pang'ono pamenepo ndi kuthyoka mafupa, ndipo ena anathyokadi. Mu Novembala 2012 Paul Larsen wa ku Australia anafika pa 65.45 ndi chombo cha Vestas Sailrocket 2 ku Walvis Bay, pagombe lomweli. Mu 2015 Antoine Albeau anafika pa 53.27 m'ngalande ya Lüderitz pa thabwa la thanga.

Nyengo ya mpikisano tauniyo imadzaza, ndipo mahotela ndi malo odyera amapeza ndalama m'miyezi imene mphepo ikanathamangitsa mlendo wina aliyense. Makilomita ochepa kuchokera pa ngalandeyo pali Shark Island, yomwe tsopano inalumikizidwa ku mtunda. Kwa zaka zambiri pamwala pomwe panali msasa wa ukaidi pakhala malo olipira omangapo matenti, okhala ndi mabafa ndi mafuwa ootchera nyama, ndipo alendo ambiri agonapo osadziwa chimene chinachitika pansi pa mphasa zawo. Mu 2019 boma la Namibia linaika chilumbachi m'gulu la malo a mbiri ya fuko. Chaka chomwecho Germany inabweza mtanda wa Diogo Cão umene asilikali ake a pamadzi anauzula ku Cape Cross mu 1893. Mu Meyi 2021 Germany inavomera kuti zimene zinachitika pakati pa 1904 ndi 1908 zinali kupulula mtundu, n'kulonjeza ndalama zokwana mayuro 1.1 biliyoni pa zaka 30, koma atsogoleri ambiri a Aherero ndi Anama anakana panganolo ponena kuti sanakhale nawo pokambirana. Tsopano pali mapulani okulitsa doko la Lüderitz kuti lizitumiza kunja mafuta atsopano a hydrogen, opangidwa ndi magetsi a dzuwa ndi a mphepo ya m'chipululu. Zidzukulu za amene anafera pa Shark Island zikutsutsa kuti ntchitoyo ifike pachilumbacho ndi m'madzi ochizungulira, chifukwa mitembo ya makolo awo ambiri inatayidwa m'madzi omwewo.